Kuzenga Mlandu wa Kompyuta ku Vubwi

Pamene boma la Zambia linapatula Vubwi kumchotsa m'manja mwa Chadiza m'chaka cha 2012, m'masiku a Pulezidenti Michael Sata, chaka chomwecho chimene Sinda nayenso anaima payekha pakati pa Katete ndi Petauke, si maofesi okha amene anafika kudziko lakumalire lino, loyang'anana ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique mbali inzake. Pakuti pamodzi ndi alembi, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, anafikanso makina aja otchedwa kompyuta, amene poyamba anali chuma cha pa tebulo la bwana yekha, koma lero alowa m'nyumba za anthu wamba, nagona pa mpando umodzi ndi makope a ana. Sukulu nayo inakolezera, popeza maphunziro a kompyuta analowa m'giredi 8 m'chaka cha 2014, ndipo alipo ambiri okumbukira mayeso oyamba a giredi 9 a mu 2015, pamene m'sukulu zina ana anadikirana pa makina owerengeka kufikira usiku. Pofika 2022, boma litalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi ndi kuwamwaza m'maboma onse, ena a iwo anafika kumidzi atanyamula laputopu m'chikwama, yolembera mayeso a ana masana, ndi yopitirizira maphunziro awo madzulo akaweruka.

Ochuluka a makina amenewa sali atsopano ayi. Anatumikira kale zaka zambiri m'maofesi a ku Ulaya, ku America kapena ku Johannesburg, nafika ku Lusaka, nagulidwa ku Chipata kapena kwa m'bale wa kutauni, atapukutidwa bwino kunja kuti anyezimire. Ndipo akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limene makina otere akana ntchito, mwini wake wa ku Vubwi alibe mmisiri pakhomo, ndipo ulendo wa ku Chipata udya ndalama ya galimoto kapena ya njinga yamoto, udya tsiku lathunthu, nthawi ya dzinja nudyanso mtima. Chifukwa chake mawu ano ndalembera iye amene ayenera kuweruza yekha m'nyumba mwake. Ndipo chimene ndifuna kumuuza nchakuti, mwa mavuto ogwera kompyuta m'nyumba zakwathu, ochuluka sabadwira m'kati mwa makinawo, koma adza kuchokera kunja, ku magetsi, ku fumbi, ku fulashi ya mnansi ndi ku netiweki. Kotero kuti munthu woyamba kufunsa zakunja ndi zotsika mtengo asanakhudze zam'kati ndi zodula, adzachita maulendo owerengeka, ndipo akapita adzapita akudziwa chimene akukanena.

Pabwalo la mfumu, kaya kwa a Pembamoyo kuno ku Vubwi, kaya ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, mlandu sugamulidwa pa mawu a wodandaula yekha, ngakhale alire chotani. Nduna ziyamba zafunsa kuti zinayamba liti, analipo ndani, dzulo lake kunachitikanji, ndipo mboni ziitanidwa imodziimodzi, kuti mawu a uyu angasokonezeke ndi a uyo. Momwemonso ndi kompyuta. Musananene kuti yafa, funsani m'nyumba: kodi magetsi anazima ili kugwira ntchito? Kodi inagwa, kapena inagwedezeka m'chikwama panjinga? Kodi mwana analowetsamo fulashi, kapena anaikamo masewera? Pamenepo yesani chinthu chimodzi, muone chotsatira chake, musanayese china; pakuti wosintha tchaja, soketi ndi batire nthawi imodzi, ngakhale makina ayake, sadzadziwa chimene chinalakwa, ndipo mawa adzagula chinthu chosafunika. Mawu alionse otuluka pa sikirini, ngakhale akhale achingerezi chovuta ndi manambala osamveka, ajambuleni ndi foni asanachoke.

Woyamba kufunsidwa akhale magetsi, pakuti ndiwo apalamula kawirikawiri. Dziko la Zambia lidalira madzi a Kariba, a Kafue Gorge ndi a Itezhi-Tezhi kuti liwale, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatsitsa madzi a Kariba kotero kuti pofika Seputembala kuzima kwa magetsi a ZESCO kunafika maola 21 pa tsiku. Kuzima kwadzidzidzi kuli ndi choipa chake, ndicho kudula kompyuta ya pa tebulo ili pakati posunga zolemba, ndi kusiya mafayilo oduka amene mawa adzakana kutseguka. Koma kubwera kwa magetsi nkoopsa koposa kuzima kwake, chifukwa magetsi oyenera kukhala mavoliti 230 nthawi zina afika ndi mphamvu yopyola muyeso m'kamphindi koyamba, kapena afika ofooka ndi ophethiraphethira, ndipo tchaja ya laputopu ndi bokosi la magetsi la m'kompyuta ndizo zilandira nkhonyayo. Mwambo wa nyumba yanzeru ukhale uwu: magetsi akazima, pulagi izulidwe pakhoma, akabwera, dikirani mphindi zisanu kapena khumi, babu litayamba lakhazikika. Ndipo nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo, mukamva bingu zulani zonse, pakuti adaputa zija zolembedwa kuti ziteteza makina zikhoza kugwira kukwera kwa magetsi kwakung'ono, koma mphezi siziidziwa.

Tsono kompyuta ikakana kuyaka konse, yopanda kagetsi kalikonse ndi yopanda phokoso, yambirani pakhoma. Lowetsani tchaja ya foni m'soketi imeneyo muone ngati muli moto. Ngati munadutsira pa adaputa ya mabowo ambiri, ichotseni, mulowetse pakhoma penipeni, popeza adaputa zotsika mtengo zimamasuka m'kati ndi kupsa mwakachetechete. M'pulagi ya mano atatu muli fyuzi, kachinthu kakang'ono ka mtengo wochepa, kamene ntchito yake ndiyo kufa m'malo mwa makina. Ndipo amene amakakulunga ndi waya kapena ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kuti kapitirize kugwira, amachotsa chitetezo cha nyumba yawo ndi manja awo omwe. Mukachoka apo onani tchaja. Chingwe chake chimaduka m'kati pafupi ndi nsonga yolowa m'laputopu, pamene chimapindika tsiku ndi tsiku, ndipo chizindikiro chake nchakuti kagetsi kayaka mukachigwira mwakuti, nikazima mukachisiya. Pansi pa tchaja ndi pansi pa laputopu palembedwa manambala, monga 19V, 19.5V kapena 20V, ndipo ayenera kugwirizana. Tchaja yobwereka, ngakhale nsonga yake ilowe bwino, isakhulupiriridwe manambalawo asanawerengedwe. Zonsezi zikakhala bwino, zulani tchaja, chotsani batire ngati lili lochotseka, dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kenaka bwezerani tchaja yokha ndi kuyatsa. Chinthu chopepuka chimenechi chadzutsa makina ambiri amene eni ake anali atawalira kale maliro.

Nyumba zambiri za kumidzi ya Vubwi, Sinda ndi Katete zidalira sola, ndipo pamenepa funso lili pa muyeso. Tchaja ya laputopu wamba ikoka mawati 45 kapena 65, pamene kompyuta ya pa tebulo pamodzi ndi sikirini yake ikhoza kukoka kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo pulinta ya laser, ija yotenthetsa inki yaufa, ikoka mawati mazana angapo pakudzuka. Kotero kuti inveta yaing'ono ya pa batire la mavoliti 12 ikalira ndi kuzima pamene mwayatsa zonse, kompyuta ilibe mlandu, mwangosenzetsa inveta katundu woposa mphamvu yake, kapena batire latha chifukwa kunachita mitambo. Pa jenereta, yambani mwailiza ikhazikike musanalowetse pulagi, ndipo zulani pulagi musanaizimitse kapena mafuta asanathe. Lilipo chenjezo lina kwa olandira kompyuta ya pa tebulo yochokera ku America, kumene magetsi ali mavoliti 120: makina ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali ina, ndipo kakasiyidwa pa 115 pakhoma la ku Zambia, phokoso ndi utsi zidzakuuzani msanga. Bokosi la magetsi lopsa musalitsegule, pakuti limasunga moto ngakhale litazulidwa. Ndipo batire la laputopu lotupa, lotukula kiyibodi, lichotsedwe osaboola ndi kuikidwa kutali ndi moto ndi ana.

Nthawi zina makina ayaka, fani nimveka kuzungulira, koma sikirini ikhala yakuda bii. Onani poyamba ngati mwana sanatsitse kuwala kufikira pansi. Kenaka, m'chipinda chamdima, walitsani tochi ya foni pa sikirini chapambali: mukaona zithunzi zosaoneka bwino, ndiye kuti nyali ya kumbuyo kwa sikirini ndiyo yazima, ndipo zolemba zanu zili bwinobwino. Amene ali ndi TV ya pakhomo yolandira chingwe cha HDMI ailumikize, adine batani la Windows pamodzi ndi P. Chithunzi chikatuluka pa TV, vuto lili pa sikirini kapena pa chingwe chake chodutsa m'mahinjesi, ndipo ntchito ya mawa ikhoza kumalizidwa pa TV pomwepo. Kompyuta ya pa tebulo yolira kuti pi, pi, pi pakuyatsa, makamaka itayenda ulendo pamsewu wa mabampu, kawirikawiri kachidutswa kake kotchedwa RAM kamasuka. Izimitseni, zulani pulagi, khudzani chitsulo cha bokosi lake kuti moto wa m'thupi mwanu uthe, tulutsani kachidutswako mogwira m'mphepete, ndi kukabwezera kufikira timano ta mbali ziwiri titagwira.

Pali kanthu kena kakang'ono kosautsa anthu ambiri, ndiko kompyuta yoiwala tsiku. Pa bolodi lake pali kabatire kozungulira ka mavoliti 3, kamene m'makina ambiri kalembedwa CR2032, kosunga koloko pamene makina azima. Kakatha, kompyuta idzuka m'chaka chakale, ndipo masamba a pa intaneti aikana, nanena kuti kulumikizana sikuli kotetezeka, chifukwa ziphaso zawo zili ndi masiku amene koloko yosokera siingawavomere. Konzani tsiku ndi nthawi, musankhe chigawo cholembedwa Harare, Pretoria, ndiyo nthawi yathu, ndipo kabatireko mukagule mukapita kutauni.

Kuyambira Ogasiti, mwezi wa mwambo wa Kulamba, kufikira Okutobala pamene dzuwa liswa mtengo, mdani wamkulu ndi fumbi ndi kutentha. Fani ya m'kompyuta ikoka mpweya kuti iziziritse kachipangizo kowerengera, kamene kakayandikira madigiri 100 kamachepetsa liwiro lake, ndipo kutentha kukapitirira, makina adzizimitsa okha kuti angapse. Pamodzi ndi mpweyawo imakokanso fumbi la m'misewu, utsi wa mbaula ndi ubweya wa mabulangete, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo: zonsezi ziwundana pa timipata totulutsira mpweya kufikira titatsekeka. Chifukwa chake laputopu imene iyamba bwino m'mawa, nilira ngati ikuvutika, nizima yokha patapita theka la ola, musaiganizire za kachilombo. Ikani dzanja potulukira mpweya mumve ngati ukutuluka. Kuigwiritsa ntchito pa matiresi, pa pilo kapena pa chitenje cha pamiyendo ndiko kuitseka pakamwa. Iikeni pa thabwa louma, mukweze kumbuyo kwake pang'ono. Pukutani timipata ndi kaburashi kouma makina atazima, ndipo wopopera mpweya ndi pampu ya njinga ayambe waimitsa fani ndi kamtengo kuti ingazungulire mopyola. Mukamaliza ntchito ifundikeni ndi nsalu, koma itazima ndi kuzizira.

Tizilombo tenitenito nato sitichita manyazi. Pa 9 Seputembala 1947 amisiri a makina owerengera a Mark II ku yunivesite ya Harvard anapeza gulugufe wausiku atapanikizika m'makinawo, nammata m'buku lawo la ntchito. Ndipo kufikira lero mphemvu ndi nyerere zikonda kufunda kwa m'kati mwa kompyuta, makamaka ya munthu wodyera mandasi pa kiyibodi. Tiyi kapena madzi akatayikira, musayese kuona ngati ikugwirabe: zimitsani pomwepo podina batani loyatsira osalisiya, zulani tchaja, chotsani batire ngati kutheka, itembenuzeni chafufumimba ili yotsegula, ndipo ikhale pamthunzi popita mphepo masiku awiri kapena atatu. Kuikwirira mu mpunga, monga ena alangiza, sikuchotsa shuga wa tiyi amene atsala akudya zitsulo.

Dandaulo lofala koposa onse ndi lakuti kompyuta ikuchedwa. Choyamba sankhani Restart, osati Shut down, pakuti kuyambira Windows 8 ya mu 2012 makina ambiri pa Shut down amasunga zina za dzulo kuti adzuke msanga, pamene Restart ayamba zonse mwatsopano. Kenaka dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Padzatseguka Task Manager, amene aonetsa pulogalamu iliyonse ndi gawo la mphamvu limene ikudya, ndipo pa tsamba lake la Startup mudzapeza khamu la mapulogalamu odzuka okha pakuyatsa, osaitanidwa ndi munthu, amene mukhoza kuwaletsa. Onaninso ngati disiki sinadzale ndi mafilimu, ndiponso ngati mulibe mapulogalamu awiri olondera tizilombo, pakuti awiriwo amalimbana okhaokha. Microsoft Defender, yobwera kale m'Windows 10 ndi 11, ikwanira nyumba zambiri ikamalandira zatsopano. Koma tinene zoona: makina a RAM ya 4GB ndi disiki yakale yozungulira sangathamange ndi mapulogalamu a lero, ngakhale muwasese chotani. Disiki yotere ili ndi mbale yozungulira ka 5,400 pa mphindi, ndiko ka 90 pa sekondi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Ndiye chifukwa chake kunyamula laputopu yoyaka kapena kuigwetsa kumaipha. Kuika SSD, yopanda chozungulira chilichonse, m'malo mwa disiki imeneyo ndiko kugula kumodzi kumene ine ndiona kuti kubweza ndalama yake. Ndipo mukamva disiki ikugogoda kuti go, go, go, lekani zonse, mukope zolemba zanu tsiku lomwelo, kuyambira zofunika koposa.

Tifike tsono pa fulashi, imene kwathu kuno ndiyo njira yaikulu ya tizilombo ta kompyuta, kuposa intaneti imene ambiri aiopa. Popeza mapulinta ali owerengeka, fulashi imodzi iyenda kuchokera kunyumba kupita kusukulu, kuchoka kusukulu kupita kokopetsa mapepala pa boma, kuchoka uko kupita kwa mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu pamsika, nibwerera kunyumba madzulo. Ndipo makina alionse amene yalowamo aipatsa chimene ali nacho. Kachilombo kodziwika ndi kaja kosandutsa mafoda kukhala zithunzi za mafoda zokhala ndi kamuvi pakona. Mwini fulashi aona ntchito ya teremu yonse itasanduka timivi, nadina kamodzi kuti aone, ndipo kudina kumeneko ndiko kulowetsa kachilombo m'kompyuta yake, kamene kadzadikira fulashi ina iliyonse yodzalowa. Kawirikawiri anakatola ndi mwana wofuna nyimbo, koma wolira ndi kholo la mafayilo a kuntchito. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Chotonthoza nchakuti kachilombo kameneka nthawi zambiri sikafafaniza mafayilo, kangowabisa, ndipo umboni wake ngwakuti fulashi ionetsabe kuti ili yodzala. Chifukwa chake musaifomate, ndiko kufafaniza zonse zili m'menemo, ndipo musadine kamuvi kalikonse. Yambani mwaisesa ndi pulogalamu yolondera tizilombo pa kompyuta imene yalandira zatsopano posachedwa. Kenaka onani chilembo cha fulashiyo, tinene E, tsegulani Command Prompt, lembani E: ndi kudina Enter, ndipo mulembe attrib -h -r -s /s /d *.* ndi kudinanso Enter; mafoda obisika adzaonekera, nthawi zina m'kati mwa foda yopanda dzina. Koperani zanu pamalo ena, ndipo pamenepo pokha mukhoza kufomata fulashiyo. Musaiwale kusesanso kompyuta ya kunyumba, pakuti ikatsala ndi kachilombo, fulashi yoyera idzadetsedwa usiku womwewo. Anthu ochenjera masiku ano sapitanso ndi fulashi kokapulinta: asandutsa kalata yawo kukhala PDF, naitumiza pa WhatsApp kwa mwini pulinta, kapena asunga fulashi ziwiri, ina yoyendayenda, ina yosatuluka m'nyumba. Ndipo mapulogalamu othyoledwa, amene mnzanu akuikirani mwaulere atayamba wazimitsa mlonda wa m'kompyuta, mudzifunse chifukwa chake afuna mlonda agone.

Za intaneti, ambiri kuno ailandira kuchokera pa foni kudzera pa hotspot, kapena pa kabokosi ka MiFi, pa netiweki ya Airtel, MTN kapena Zamtel, ngakhale Starlink nayo inafika m'Zambia mu Okutobala 2023. Kompyuta ikakana kulowa, yesani pa foni yomweyo kutsegula tsamba wamba. Ikakananso, vuto lili pa netiweki kapena pa bandulo, ndipo kumbukirani kuti bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha sitsegula zina. Okhala pafupi ndi malire aonenso dzina la netiweki lolembedwa pamwamba pa foni, pakuti mlongoti wa tsidya lina ukakhala wamphamvu foni ikhoza kuugwira osakufunsani, ndipo bandulo ya ku Zambia sigwira kumeneko. Mankhwala ake ndiwo kusankha netiweki ndi manja m'malo moisiya isankhe yokha. Ndipo amene adabwa kuti bandulo ya sabata yatha pa ola limodzi asafulumire kutukwana kampani: Windows ikaona Wi-Fi iyesa kuti yafika pamadzi aulere, niyamba kukoka zatsopano zake zolemera. Lowani pa Settings, pa Network & Internet, musankhe Wi-Fi ya foni yanuyo, muyatse Metered connection; koma tsiku limene mwafika pa intaneti yokwanira, ilekeni ikoke, chifukwa zimenezo ndizo zitseka mipata ya akuba.

Apa pali nkhani yowawa pang'ono. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndi Windows 10 wamba pa 14 Okutobala 2025. Ndipo Windows 11 ifuna kachipangizo kotetezera kotchedwa TPM 2.0 ndi makina a zaka zaposachedwa, zimene laputopu zambiri zakale zilibe. Makina otere sasiya kugwira ntchito ayi, alembabe makalata ndi kuwerengera ndalama za chimanga ndi soya monga kale. Koma mipata yatsopano ikapezeka palibenso woitseka, ndipo si nzeru kulowera pamenepo kubanki. Wogula laputopu lero afunse za ichi asanapereke ndalama. Wokhala nayo kale akhoza kupempha wodziwa amuikire Linux Mint kapena Ubuntu, zimene zili zaulere, zopepuka pa makina okalamba, ndiponso zosagwidwa ndi kachilombo ka timivi kaja, ngakhale zifuna masabata angapo kuti manja azolowere.

Likafika tsiku lakuti zonse zayesedwa, fungo la kupsa lamveka, hinjesi yathyoka, kapena sikirini yabuluu ibwera tsiku ndi tsiku, pitani kwa mmisiri ku Chipata kapena ku Katete, ndipo musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Koma dziwani kuti mawu oti kufomata, amene atuluka msanga pakamwa pa amisiri ena chifukwa ndi ntchito yachidule, atanthauza kufafaniza zonse za pa disiki, zithunzi za ukwati, mayeso a zaka zisanu ndi kaundula wa kalabu ya alimi pamodzi. Ndipo sachiritsa fani yotsekeka, tchaja yoduka kapena disiki yogogoda. Zolemba zofunika zikhale ndi malo achiwiri makina akali amoyo, pa fulashi yosatuluka m'nyumba ija, kapena pa Google Drive, imene ipatsa munthu aliyense 15GB mwaulere. Popita nyamulani tchaja yanu yomwe, popeza mwina ndiyo yolakwa, pamodzi ndi zithunzi za mawu a pa sikirini ndi pepala lolembapo zimene mwayesa kale. Ngati makina akali kuyaka, tulukani m'maakaunti anu a imelo ndi a banki musanawapereke, ndipo lembani nambala ya makinawo, kukula kwa RAM ndi kwa disiki. Mugwirizane mtengo ntchito isanayambe, munene momveka kuti disiki isafomatidwe popanda mawu anu, mupemphe kuti chochotsedwa chilichonse chibwezedwe m'manja mwanu. Ndipo musanalipire, yatsani makinawo pomwepo m'sitolo, muyese kiyibodi, mawu, Wi-Fi ndi mabowo a fulashi, muwasiye ayake kanthawi kufikira fani itazungulira, pakuti chilema chodzaonekera mutafika kale ku Vubwi chidzafuna ndalama ina ya ulendo.